Mafupa a ku Hora ndi kaundula wosiya mpata

M'chaka cha 1950, katswiri wofukula zinthu zamakedzana, J. Desmond Clark, adakumba pansi pa thanthwe lina paphiri la Hora m'boma la Mzimba ndipo adapezapo mafupa a anthu awiri akuluakulu. Adalemba zomwe adaona, mafupawo adakasungidwa, nkhani n'kuzizira.

Padadutsa zaka 67. Mu 2017, gulu la asayansi lidalengeza kuti m'mafupa omwe aja latha kuwerengamo DNA, ija imanyamula mbiri ya magazi a munthu kuchokera kwa makolo ake. Zotsatira zake zidadzidzimutsa ambiri. Anthuwo adakhalako zaka pafupifupi 8,000 zapitazo, ndipo mtundu wawo sukuoneka kwenikweni m'magazi a anthu amene akukhala m'Malawi lero.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Pomwe Clark amakumba ku Hora, n'kuti ngakhale kapangidwe ka DNA kasadadziwike. Kadadzadziwika mu 1953. M'mabuku ake simukadakhala malo olembamo zimenezi. Mwayi udalipo ndi woti kudali kodziwikabe kuti mafupawo adatuluka paphiri liti, choncho nzeru zatsopanozo zidapeza pokolowekera.

Ili ndilo funso limene likudwalitsa mutu waching'alang'ala akatswiri a ntchitoyi masiku ano, pomwe zolemba zawo zachoka m'makope n'kulowa m'makompyuta. Kodi kaundula wa m'kompyuta, amene iwo amamutchula kuti database, amangidwe motani kuti alandire zinthu zosiyanasiyana zimene zimatuluka pansi, ndi kusiyanso mpata wa mafunso amene lero palibe akuwalota?

Kukumba n'kugumula

Mlimi akakhotetsa mzere amauwongola chaka chamawa. Dokotala akakayika amamuyezanso wodwala. Wofukula zakale alibe mwayi umenewu. Kuti afike padothi la pansi ayenera kuchotsa la pamwamba, ndipo likachoka lachoka. Dothi limene lidasanjikizana kwa zaka zikwizikwi limathera m'sefa pamasabata owerengeka. Chotsala ndi zimene zalembedwa, zajambulidwa ndi kuikidwa m'timajumbo.

Komanso phindu la chofukulidwa siligona pa chinthucho pachokha. Mkanda wagalasi uli m'manja ndi mkanda basi. Koma zikadziwika kuti udali m'chigawo chimodzi cha dothi ndi makala a pamoto, makalawo n'kuyezedwa zaka zake, mkandawo umayamba kulankhula. Umanena nthawi imene malonda ochokera kunyanja yamchere adafika pamudzipo.

Vuto ndi loti dothi silisanjikizana mwaulemu ngati mabulangete a m'sitolo. Agogo akakumba dzenje la zinyalala kuseri kwa nyumba, botolo la dzana limakagona pakati pa dothi la zaka 500. Chiswe, mizu ndi mbewa nazo zimachita zawo. Mu 1973, Edward Harris wa ku Bermuda, ali pantchito yolongosola zolemba za zomwe zidafukulidwa mumzinda wa Winchester ku England, adapeza njira yoonetsera chisokonezo chimenechi papepala. Chigawo chilichonse cha dothi, dzenje lililonse ndi khoma lililonse zimakhala ndi nambala yakeyake, kenaka kumalembedwa ubale wake: ichi chili pamwamba pa chiti, chili pansi pa chiti, chidaboola chiti. Njirayi idafala kwambiri, ndipo kaundula aliyense wa zofukula amayenera kutha kusunga ubale woterewu, osati mayina a zinthu okha.

Karonga si Dedza

Kuti munthu aone kukula kwa ntchitoyi safunika kutuluka m'dziko muno.

Ku Karonga, gulu lotsogozedwa ndi Jessica Thompson lidayamba mu 2009 kufufuza za anthu amene ankasema zida zamiyala zaka zikwi makumimakumi zapitazo. Ntchito ina idali yongoyenda wapansi m'zitunda ndi m'makwawa, maso pansi, kulemba pomwe miyala yosemedwa ikuonekera. Ina idali yokumba, pomwe tizidutswa tamiyala timatuluka tambirimbiri ndipo pomwe tapezeka pamayezedwa ndi makina onga aja a anthu oyeza misewu. Ngakhale mchenga umatengedwa, ndipo umatengedwa m'mapaipi otseka kuti usaone dzuwa, poti asayansi amatha kudziwa nthawi imene mchengawo udaona kuwala komaliza.

Ku Chongoni m'boma la Dedza nkhani ndi ina. Kumeneko kuli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, ndipo bungwe la UNESCO lidawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Wolemba za chojambula safuna sefa. Iye amafuna kudziwa ngati utoto wake uli wofiira, umene umalozera kwa Akafula, kapena woyera, wa Achewa. Ngati chojambula china chidakwera pa chinzake. Ngati utsi, mvula kapena makala a ana oweta ng'ombe ayamba kuchiononga.

Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, Yusuf Juwayeyi adafukula mapale, mikanda yagalasi, minyanga ya njovu, mkuwa ndi zidutswa za mbale za ku China pamalo pomwe padali likulu la Kalonga wa Amaravi. Koma buku lake la mu 2020 lidayenda ndi miyendo iwiri: zofukula pansi ndi mbiri yongosimbidwa pakamwa. Mawu a munthu wamkulu nawo ndi umboni, ndipo ali ndi mafunso akeake. Adanena ndani, adamva kwa yani, adanenera kuti, m'chilankhulo chanji?

Nanga fomu yofunsa kutalika ndi kulemera kwa mwala ingalandire bwanji mawu a gogo?

Ena adayesa kupanga chifomu chimodzi chokhala ndi timabokosi ta chilichonse. Chimene chimachitika ndi chodziwikiratu. Wolemba, amene wakhala padzuwa kuyambira m'mawa, amadumpha timabokosi tambiri tosamukhudza, ndipo tsiku limene wapeza chinthu chachilendo amapeza kuti kabokosi kake palibe, n'kuchikankhira pa "zina ndi zina". Ambiri adasankha njira inayo, yoti gulu lililonse lizipanga kaundula wakewake. Pamalo amodzi zimayenda bwino. Mavuto amayamba wina akafuna kufananiza mapale a kuno ndi a uko, n'kupeza kuti akaundulawo sakumvana.

Buku la ngongole ndi buku la kuchipatala

Aliyense amene adakongolapo sopo pagolosale akudziwa kale theka la nkhaniyi. Mwini golosale wina amalemba dzina, mudzi, katundu ndi mtengo pamzere uliwonse. Tsiku limene kasitomala wasamuka, ayenera kukonza masamba makumi awiri, ndipo a Banda akakhala awiri mkangano suchedwa. Wina amasunga tsamba limodzi la anthu, aliyense ndi nambala yake, ndipo m'masamba a ngongole amangolemba nambalayo. Chinthu chimodzi chimalembedwa pamalo amodzi, zina zonse zimangoloza pamenepo.

Nzeru imeneyi ndi yomwe Edgar Codd wa kukampani ya IBM adaifotokoza mwa masamu mu 1970, ndipo akaundula ambiri a m'mabanki ndi m'maofesi adamangidwa pa iyo. Ofukula zakale nawo adaitenga. Malo amakhala pamndandanda wawo, zigawo za dothi pawo, zinthu zopezeka pawo, zithunzi pawo, ndipo nambala ndi imene imamanga zonse pamodzi. Nsagwada ya munthu wamakedzana imene gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage lidapeza ku Uraha m'boma la Karonga mu 1991, ya zaka pakati pa 2.3 ndi 2.5 miliyoni, imadziwika dziko lonse lapansi ndi dzina lalifupi loti UR 501. Kulikonse komwe yalembedwa, palibe angaisokoneze ndi ina.

Koma sopo ndi shuga sizisintha mafunso ake, pomwe zapansi zimasintha. Kaundula wa timabokosi tokhazikika amafuna mmisiri wa makompyuta nthawi iliyonse imene funso latsopano labadwa, ndipo kutchire mmisiriyo kulibe.

Apa mpomwe chitsanzo chabwino chili buku lija timanyamula popita kuchipatala. Pachikuto pake pali zinthu zochepa zosasintha: dzina, tsiku lobadwa, kochokera. M'kati muli masamba otseguka, momwe wa malungo, wa mano ndi wa sikelo amalemba aliyense zake, n'kuika tsiku ndi kusaina. Kaundula wosiya mpata amamangidwa chimodzimodzi. Amaumirira pa zinthu zochepa: nambala yosabwerezeka, mtundu wa cholembedwacho, pomwe chapezeka, wolemba, tsiku, ndi ubale wake ndi zinzake. Zotsalazo zimasungidwa ngati funso ndi yankho lake, mzere uliwonse paokha. Mwala ungakhale ndi mafunso khumi, chojambula cha pathanthwe asanu ndi awiri, nthano ya gogo anayi. Funso la DNA likadzabwera patapita zaka 67, limangowonjezera mzere pansi pa nambala yomweyo, popanda kugumula nyumba.

Adayesa ku Karonga

Zimenezi si za m'mabuku chabe. Mu 2012, akatswiri a ku Australia motsogozedwa ndi Shawn Ross adayamba kupanga pulogalamu yotchedwa FAIMS, yolembera zofukula pa mafoni ndi makina ena a m'manja a Android. Mtima wa pulogalamuyo udali umodzi kwa aliyense, koma mndandanda wa mafunso ndi maonekedwe a fomu zinkalembedwa padera, gulu lililonse malinga ndi ntchito yake. Idapangidwa kuti izigwira ntchito kopanda netiweki, makina a m'manjawo n'kumatumiza zolembedwa ku kompyuta imodzi ya pamsasa popanda intaneti.

Lipoti lomwe lidatuluka mu 2016 lidafotokoza mmene pulogalamuyi idayendera pamalo atatu otalikirana: ku Boncuklu m'dziko la Turkey, komwe amafukula mudzi wa alimi oyambirira, ku chigwa cha Zaña m'dziko la Peru, komwe amafufuza za nthawi ya atsamunda a ku Spain, ndi ku Karonga, ndi gulu la Thompson lija. Mtima umodzi udasenza ntchito zitatu zosafanana m'pang'ono pomwe.

Phunziro lalikulu la m'lipotilo silidali la makina. Lidali loti thukuta limasamukira kumayambiriro. Papepala munthu amatha kuyamba ntchito asadaganize bwino chimene akufuna kulemba, n'kumakonza m'njira. Kompyuta siilola zimenezo. Mtsogoleri wa gulu amayenera kukhala pansi ulendo usadayambe, kutchula chinthu chilichonse chimene adzalembe, ubale wake, ndi mawu ololedwa, kenaka kuyesa fomuyo mobwerezabwereza. Malipiro ake amabwera pobwerera, pomwe sipakhalanso ntchito yokopera mulu wa mapepala othimbirira ndi fumbi kulowetsa m'kompyuta.

Tinthu tiwiri ta m'pulogalamuyo n'tofunika kutitchula. Pafupi ndi yankho lililonse padali malo olembapo ndemanga, monga mmene munthu amalembera m'mphepete mwa pepala, komanso malo osonyezera kuti wolembayo watsimikiza motani. Ndipo munthu akasintha yankho, lakale silinkafufutika. Linkatsalira pansi, ndi dzina la wosinthayo ndi nthawi yake. Wina anganene kuti uku n'kuchulutsa gaga m'diwa. Njovu ya kwa Mwanganda ikutsutsa.

Njovu imene idasintha nkhani

Mu 1965 ndi 1966, Clark yemwe uja adakumba m'mudzi mwa Mwanganda ku Karonga ndipo adapeza mafupa a njovu pamodzi ndi zida zamiyala. Mu 1970, iye ndi C. Vance Haynes adalemba kuti pamalopo anthu akale adasendapo njovu. Kwa zaka zoposa 40 malowo ankadziwika ndi nkhani imeneyo. Mu 2014, gulu la Thompson, litakumbanso ndi kuyeza dothi ndi njira zatsopano, lidalengeza kuti umboni sukugwirizana ndi maganizo amenewo.

Mafupa sadasinthe, miyala sidasinthe. Chidasintha ndi tanthauzo. Kaundula amene ali ndi kabokosi kamodzi kokha kolembapo kuti "malo osendera njovu" amasakaniza zimene maso adaona ndi zimene mutu udaganiza, ndipo maganizowo akagwa amagwa ndi zonse. Womangidwa bwino amasunga ziwirizi padera. Kuti fupa lidali apa, mwala apo, m'dothi la mtundu wakuti, zimakhala mbali imodzi. Kuti uje akuganiza zakuti, m'chaka chakuti, pa zifukwa zakuti, zimakhala mbali ina, ndipo mbali imeneyo imalola mayankho awiri otsutsana kukhala moyandikana popanda lina kumeza linzake.

Ku Hora nakonso ntchito sidathere pa Clark. Gulu la Thompson lidakakumbanso kuyambira mu 2016, ndipo mu 2022 kudalengezedwa DNA ya makanda awiri a pamalopo, a zaka pafupifupi 14,000 ndi 16,000 zapitazo. Thanthwe limodzi, okumba a mibadwo iwiri, kalembedwe kosiyana. Zonsezo zimayenera kukumana pansi pa dzina limodzi la malo.

Ufulu ukachuluka

Komatu kusiya mpata si kutsekula khola. Aliyense akaloledwa kulemba mmene wafunira, mmodzi alemba "phale", wina "mapale", wina "mbiya yosweka", ndipo kompyuta iwerenga zinthu zitatu zosiyana. Ngakhale mayina a malo amavuta. Phanga lotchuka la ku Dedza ena amalilemba Chencherere, ena Chentcherere, ndipo wofufuza ndi kalembedwe kamodzi akhoza kuphonya theka la zolembedwa. N'chifukwa chake akatswiri amakonzeratu mndandanda wa mawu oti wolemba azisankhapo, dzina limodzi n'kukhala lalikulu, ena onse, kuphatikizapo a m'zilankhulo za eni dera, n'kumaloza kwa ilo. Mndandandawo umaloledwa kukula, koma pamakhala munthu mmodzi wouyang'anira.

Kabokosi kosalembedwa nako ndi msampha. Pa funso la makala pakakhala popanda kanthu, kodi makala padalibe, kapena sadafufuzidwe, kapena wolemba adaiwala poti mvula imabwera? Mayankho atatuwa ndi osiyana kwambiri kwa munthu wodzawerenga patapita zaka makumi atatu, ndipo fomu yabwino imakakamiza wolemba kusankhapo limodzi.

Palinso mtengo wina. Kaundula wa funso ndi yankho ndi wovuta kumuwerenga ndi maso, ndipo kuti atulutse mndandanda wamba wa mizere ndi timabokosi pamafunika ntchito yowonjezera. Gulu laling'ono lofukula malo amodzi kwa mwezi umodzi likhoza kupindula kwambiri ndi mindandanda inayi kapena isanu yosavuta, yolumikizidwa bwino ndi manambala, kusiyana ndi chimakina chimene palibe angachikonze chikafa.

Zinthu zikalumikizana bwino, zipatso zake zimaoneka. Mu 2021, Thompson ndi anzake adaphatikiza zida zamiyala za ku Karonga, zaka za mchenga uja, ndi makala komanso mungu wa zomera zopezeka m'matope amene adaboolewa pansi pa nyanja ya Malawi mu 2005. Adafika pa mfundo yoti pofika zaka pafupifupi 85,000 zapitazo, anthu adali atayamba kale kusintha nkhalango za m'derali ndi moto. Matope adatengedwa ndi anthu ena, pa zolinga zina, gulu la ku Karonga lisadayambe n'komwe ntchito.

Madisiki a ku Newham

Kompyuta ili ndi matenda amene pepala lilibe. Bungwe lofukula zakale la ku Newham mumzinda wa London litatsekedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, madisiki ake oposa 200, okhala ndi mafayilo oposa 6,000, adatumizidwa ku Archaeology Data Service, bungwe losunga zolemba zotere lomwe lidakhazikitsidwa ku York mu 1996. Mafayilo ena adali ataonongeka, ena adali olembedwa ndi mapulogalamu amene adali atasiya kugwiritsidwa ntchito. Koma chidavuta kwambiri n'choti mafayilo ambiri adalibe chowafotokozera. Zilembo ndi manambala achidule zidalipo, tanthauzo lake lidapita ndi antchito amene adabalalika.

Kuyambira pamenepo nkhani ya Newham imasimbidwa ngati chenjezo. Kaundula aliyense ayenera kuyenda ndi kabuku kofotokoza kuti funso lililonse likutanthauzanji, muyeso wake ndi masentimita kapena mamilimita, chidule chakuti chikuimira chiyani. Ndipo zonse ziyenera kutha kutulutsidwa m'malemba wamba amene kompyuta iliyonse ingawerenge, makope ake n'kusungidwa malo angapo. Pa zofukulidwa m'Malawi, n'zomveka kuti limodzi mwa malo amenewo likhale m'Malawi momwemuno, osati kuyunivesite ya kunja kokha kumene kudachokera ndalama za ntchitoyo.

Si zonse zoonera aliyense

Funso lina limene womanga kaundula sangalithawe ndi loti ndani aone chiyani. Malo enieni a manda akale akaikidwa poyera pa intaneti, ndiye kuti alozeredwa njira anthu okumba mofuna chuma. Zojambula zina za ku Chongoni zimakhudza chinamwali ndi gule wamkulu, ndipo eni mwambo ali ndi malire a zimene zimanenedwa pagulu. Mafupa a anthu nawo si miyala. Choncho cholembedwa chilichonse chimafunika chizindikiro chonena kuti ichi n'cha aliyense, ichi n'cha ofufuza okhaokha, ichi mpaka eni ake alole. Kuika chizindikirochi poyamba n'kosavuta. Kudzachiika zinthu zitamwazika kale n'kutola madzi otayika.

Zambiri zakale sizipezedwa ndi akatswiri. Zimatuluka pokumba maziko a nyumba, chimbudzi, dothi la njerwa kapena ngalande ya msewu. Lamulo la dziko lino loteteza zinthu zakale sililola munthu kufukula malo otere popanda chilolezo, ndipo wopeza mapale ambiri pamodzi, ng'anjo yakale yosungunulira chitsulo kapena mafupa a munthu ayenera kuimitsa khasu ndi kudziwitsa amfumu komanso nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Akatswiri akafika, mafunso awo oyamba adzakhala omwe aja a pachikuto: zidali pati, mozama bwanji, pafupi ndi chiyani, adaziona ndani, tsiku liti. Chithunzi cha pafoni chojambulidwa zinthuzo zisadasunthidwe, khasu kapena bokosi la machesi lili pambali kuti kukula kwake kuoneke, chimayankha ambiri mwa mafunso amenewo.